Mitengo ya Zipatso Pakhomo: Kulumikiza Chisamaliro Chake ndi Ntchito za Tsiku ndi Tsiku

Chaka ndi chaka, mvula ikayamba, mbande zambiri za zipatso zimachoka m'manazale kupita m'midzi ya m'Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Koma pofika mwezi wa Okutobala wa chaka chotsatira, zambiri mwa mbandezo zimakhala zitauma, zitadyedwa ndi mbuzi kapena zitagwetsedwa ndi chiswe. Kawirikawiri vuto silikhala mtundu wa mbande kapena nthaka. Vuto limakhala lakuti mtengo unaphunzitsidwa ngati ntchito ya kumunda, chonsecho umakhala pakhomo, pomwe m'dzinja anthu amachokapo m'mamawa ndi kubwerako atatopa.

Mtengo wa pakhomo umakula bwino ngati chisamaliro chake chalowa m'ntchito zimene banja limagwira kale: kusesa pabwalo, kutaya madzi otsukira mbale, kusamalira dzala ndi kutsekera ziweto. Apa ndi pamene mlangizi ayenera kuikapo mtima.

Phindu la zipatso m'nyengo ya dzinja

Mango ambiri amapsa kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kupepuka ndipo chimanga chatsopano chisanache. Masuku nawo amapsa mvula ikamayamba, pomwe magwafa, mapeyala, malalanje ndi manachesi amabwera pambuyo pake. Nthochi ndi mapapaya zimabereka pafupifupi chaka chonse ngati zikupeza chinyezi. Mango ndi mapapaya akupsa amathandiza thupi kupeza vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana polimbana ndi matenda. Magwafa, malalanje ndi mandimu ali ndi vitamini C wambiri. Choncho banja limene lili ndi mitundu inayi kapena isanu ya zipatso, ngakhale mtengo umodzi kapena iwiri pa mtundu uliwonse, limadya bwino koposa banja limene lili ndi mitengo khumi ya mango okhaokha, amene amapsa pamodzi ndi kuwolera pansi.

Kusankha malo

Asanakumbe dzenje, mlangizi ayendere khomo lonse pamodzi ndi eni ake, ndi kuona pamene pali nyumba, khitchini, thandala la mbale, bafa, chimbudzi, dzala ndi khola. Mtengo uliwonse upatsidwe malo molingana ndi zinthu zimenezi.

Mango ndi mapeyala ndi mitengo ikuluikulu. Itayane mamita 9 kapena 10, ndipo italikire nyumba mtunda wonga womwewo, popeza nthambi zake zimawononga denga, masamba amawoletsa udzu kapena malata, ndipo mizu imatha kung'amba maziko. Malalanje, mandimu, manachesi ndi magwafa atayane pafupifupi mamita 6. Mapapaya ndi nthochi zimakwana pa mamita 3.

Nthochi zimakonda chinyezi, motero malo ake abwino ndi kumunsi kwa bafa, kumene ngalande yaifupi ingatengere madzi osamba ku phando. Madziwo akalowa pansi sapanga chithaphwi choswanirana udzudzu. Papaya ndi wosiyana: mizu yake imawola msanga madzi akadikha, choncho abzalidwe pamalo okwera pang'ono, pomwe madzi sakhalitsa.

Kubzala

Maenje akumbidwe mvula isanayambe, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino ndi kubwezeredwa m'dzenje. Mbande ibzalidwe mvula ikakhazikika, kuti mizu igwire nthaka dzinja lisanathe. Mbande yobzalidwa kumapeto kwa Febuluwale imalowa m'chilimwe ili yofooka.

Mango omezanitsa, monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, amayamba kubereka patatha zaka 3 kapena 4, pomwe obzala kuchokera ku njere amachedwa zaka zingapo kuposa apo. Kent ndi Keitt amapsa mochedwa, motero amatalikitsa nyengo ya mango pakhomo pamene amakolo atha. Pobzala mbande yomezanitsa, pamene panalumikizidwa pakhale pamwamba pa nthaka, ndipo mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa pamenepo zichotsedwe zikangooneka. Maluwa a zaka ziwiri zoyamba athotholedwe kuti mtengo uyambe wakula thunthu.

Mapapaya abzalidwe atatu pa phando. Akachita maluwa, mlimi asiye mtengo umodzi waukazi pa phando lililonse, ndi wamphongo mmodzi pa mitengo yaikazi pafupifupi khumi.

Tsache ndi dzala

Pamakomo ambiri zinyalala za pabwalo amaziunjika ndi kuzitentha, nthawi zina patsinde pa mtengo pomwepo. Motowo umawauka khungwa ndi mizu ya pamwamba, ndiponso umawononga masamba amene akanasanduka manyowa. Banja lilimbikitsidwe kukhala ndi maenje awiri: lina la masamba, makoko, phulusa ndi zitosi, lina la mapulasitiki, mabotolo ndi zitini. Dzenje loyamba ndilo lidzadyetse mitengo chaka chamawa.

Udzu ndi masamba ophimbira pansi pa mtengo zimasunga chinyezi, koma zisakhudze thunthu. Pasiyidwe mpata wonga chikhatho cha munthu wamkulu, popeza zophimbira zogundana ndi thunthu zimaitana chiswe ndi kuwoletsa khungwa.

Chipatso chogwa pansi

Ntchito ya m'dzinja yofunika kwambiri ndi kutola zipatso zogwa. Ntchentche ya zipatso yochokera ku Asia, imene akatswiri amaitcha Bactrocera dorsalis, inapezeka koyamba mu Africa ku Kenya m'chaka cha 2003, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a chigawo chino. Imagwira mango, magwafa, malalanje ndi zipatso zina zambiri. Yaikazi imaboola khungu la chipatso ndi kuikiramo mazira. Mphutsi zimadya m'kati, chipatso chimawola ndi kugwa, kenaka mphutsizo zimalowa m'nthaka ndi kutulukamo zili ntchentche. Kukatentha, zonsezi zimachitika mwezi usanathe kapena utangotha kumene.

Izi zikutanthauza kuti bango limodzi lowola losiyidwa pansi pa mtengo ndilo nazale ya ntchentche zimene zidzawononge mango ochedwa kupsa ndi magwafa a miyezi yotsatira. Zipatso zogwa zitoledwe tsiku lililonse pa nthawi yosesa. Zowola zisaponyedwe padzala poyera. Zikwiriridwe m'dzenje lakuya masentimita 50 kapena kuposerapo, kapena zimangidwe m'thumba lakuda lapulasitiki lopanda chiboo ndi kuikidwa padzuwa kwa masiku angapo mpaka mphutsi zitafa. Popeza ntchentche siidziwa malire a khomo, ntchitoyi imapindula makomo oyandikana akaigwira onse. Ndi nkhani yoyenera kuifikitsa kwa anyakwawa.

Nthochi ndi matenda a chisaka

Phando la nthochi likhale ndi mitengo itatu: mayi wobereka, mwana wotsatira, ndi kamphukira kakang'ono. Ana ena onse achotsedwe kuti mikoko ikule.

Matenda a chisaka anadziwika m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, ndipo anawononga kwambiri nthochi m'maboma monga Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje. Akupezekanso ku Zambia ndi ku Mozambique. Amafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za nthochi komanso ana a nthochi otengedwa pa phando lodwala. Nthochi yodwala imapinimbira, masamba ake amakhala aafupi, opyapyala, oimirira ndi othithikana kunsonga, ndipo kawirikawiri siibereka. Matendawa alibe mankhwala. Phando lonse lizulidwe ndi mizu yomwe, liduledwe tizidutswa ndi kukwiriridwa kuti lisaphukenso. Mwambo wopatsana mbewu pakati pa abale ndi wabwino, koma mwana wa nthochi wochokera kudera kumene kuli chisaka asalowe pakhomo, ngakhale akuoneka wathanzi.

Kukonzekera chilimwe

Mtengo wobzalidwa m'dzinja umayesedwa m'chilimwe. Zokolola zikatha, mbuzi ndi ng'ombe zimatayiridwa, ndipo mbuzi imodzi imatha kukungudza mbande ya chaka chimodzi m'mawa umodzi. Mbande iliyonse itchingidwe ndi mpanda wa nsungwi, minga kapena njerwa zosanjikiza mosiya mipata, ndipo izi zichitike tsiku lobzala lomwelo.

Kuyambira Meyi mpaka mvula itabwera, mtengo waung'ono umafuna ndowa imodzi ya malita 20 kamodzi kapena kawiri pa sabata. Kumene mjigo uli kutali, madziwa ndi mtolo wina pamutu pa mayi kapena mwana wamkazi. N'chifukwa chake ndi bwino kuti banja liyambe ndi mitengo yochepa imene ingakhale ndi moyo ndi madzi otsukuluzira mbale, ndiwo ndi zovala. Madzi a mchere wambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala asathiridwe pa mbande.

Woyenera kumva uphungu

Pamisonkhano ya zaulimi pamabwera amene amakumba dzenje, koma amene amasesa, kutunga madzi ndi kutola zipatso nthawi zambiri amatsala kunyumba. Mlangizi akafika pakhomo, aonetsetse kuti bambo, mayi ndi ana okulirapo onse alipo, ndipo agwirizane za amene adzathirire, amene adzatole zogwa ndi amene adzasunge ndalama zipatso zikagulitsidwa. M'madera a chikamwini, bambo ena amazengereza kubzala mitengo pamalo a kuchikazi, ndipo kwina mayi ndiye amakayika pamalo a kuchimuna. Nkhaniyi ikambidwe mbande zisanaperekedwe.

Pa malipoti, chiwerengero cha mbande zogawidwa mu Disembala sichinena zambiri. Mlangizi abwerere pa makomo omwewo mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, awerenge mitengo imene ili moyo, ndi kulemba chimene chinapha inayo: ludzu, mbuzi, chiswe kapena moto. Zimene apezezo ndizo zimutsogolere pokonza maphunziro a dzinja lotsatira.