Gitala yotchipa: kuithira ndalama kapena kusungira yodula?

Pachikuto cha chimbale choyamba cha gulu la Van Halen, chomwe chinatuluka mu 1978, pali gitala yoyera ya mizere yakuda imene sinkapezeka m'sitolo ina iliyonse. Eddie Van Halen anachita kuilumikiza yekha. Thupi lake analigula pa madola 50 chifukwa thabwa linali ndi mfundo, khosi pa madola 80. Pikapu, kachipangizo kotola mawu a nsambo, anaichotsa pa gitala ya Gibson, n'kusema thabwa kuti ilowe, ataiviika kaye m'phula losungunula kuti isamalire akakweza ampulifaya. Pofika 2019 gitala yazigambayi inali itaikidwa pachionetsero ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York.

Nkhani imeneyi ndi imene amaitchula aliyense wofuna kukonza gitala yake yotchipa. Mnyamata wa m'bandi ya kutchalitchi ku Ndirande kapena ku Chipata, amene waimba zaka ziwiri ndi gitala yoyambira, amafika poona kuti chidacho chikumubweza m'mbuyo: chimasokonekera nyimbo ili pakati, chimang'ung'udza, chimapweteka zala. Ndiye agule zipangizo zatsopano n'kuikamo, kapena amange lamba mpaka adzapeze yogulira gitala ya dzina?

Funso limeneli likufunsidwa lero chifukwa cha Leo Fender, wokonza mawailesi wa ku Fullerton, California, amene sankadziwa n'komwe kuimba gitala. Telecaster yake ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi Stratocaster ya 1954 anazipanga ndi maganizo a mmisiri: chimene chingathe kuwonongeka chizimasulika. Khosi limagwidwa ndi masikuluwu anayi basi. Pa Stratocaster mapikapu onse atatu, switchi ndi zokwezera mawu zimakhala pa pulasitiki imodzi yomwe imachoka yonse pamodzi. Mu 1972 Larry DiMarzio anayamba kugulitsa pikapu ya Super Distortion, yoti munthu agule payokha n'kuika pa gitala yake, ndipo mu 1976 kampani ya Seymour Duncan inatsegulidwa. Kuchokera pamenepo malonda a zosinthira anakula mpaka lero munthu atha kumanga gitala yathunthu osagula yathunthu.

Nawo magitala otchipa anasintha. Fender inayambitsa magitala a Squier mu 1982 pofuna kulimbana ndi makampani a ku Japan amene ankakopera magitala ake mwaluso ndi kugulitsa motsika. Lero Squier, Epiphone ya Gibson, Yamaha Pacifica, Cort ndi Harley Benton ya sitolo ya Thomann ku Germany zimachokera kwambiri m'mafakitale a ku Indonesia ndi ku China, kumene makina oyendetsedwa ndi kompyuta amadula thabwa mosaphonya. Thupi la gitala ya madola 250 limatuluka m'makina olondola mofanana ndi amene amadula la madola 1,500. Fakitale imapulumutsa ndalama kwina: zitsulo zofewa, waya ndi switchi zotchipa, ndipo koposa zonse, nthawi ya manja a munthu. Kusalaza mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija, kuti tonse tikhale pa msinkhu umodzi, kufewetsa nsonga zake, kusema bwino timipata todutsa nsambo, zonsezi ndi ntchito ya maola. Gitala yotchipa imapatsidwa mphindi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poyambira. Amathamangira pikapu chifukwa ndi imene imakambidwa kwambiri pa YouTube, pamene chikuwavutitsa ndi kachunidwe. M'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali, truss rod, chimene chimaliwongola kapena kulilola kupindika pang'ono. Nyengo ya dzinja thabwa limamwa chinyezi, m'chilimwe limauma, ndipo khosi limasuntha. Nsambo zimakwera patali ndi mafureti, kapena zimatsika n'kuyamba kukhuza. Kupotokola pang'ono chitsulocho ndi kiyi wa Allen, kutsitsa nsambo pa buliji, chitsulo chimene nsambo zimatsamirapo pathupi la gitala, ndi kusuntha tizitsulo ta pa bulijipo mpaka mawu a pa fureti ya 12 agwirizane ndi a nsambo yosagwira, kumasandutsa gitala yolimba kukhala yofewa popanda kugula kanthu kupatula nsambo zatsopano. Nsambo zomwezo anthu amazisunga chaka chathunthu, zitachita dzimbiri ndi thukuta la mu Okutobala, kenako n'kumanena kuti gitala yafa mawu.

Gitala ikamasokonekera kawirikawiri, mlandu umagwera makiyi omangira nsambo, koma nthawi zambiri alibe chifukwa. Wopalamula amakhala nati, kapulasitiki koyera ka kumutu kwa khosi komwe nsambo zimadutsapo. Mpata ukakhala wothina, nsambo imakodwa, ndipo woimba akaikoka imabwerera pena. Kukhutiza nsonga ya pensulo m'timipatamo kumathandiza kuti nsambo iziterera. Kusintha natiyo ndi ya fupa kapena ya Tusq, yopangidwa ndi kampani ya Graph Tech ya ku Canada, n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi china chilichonse, ngakhale kuti kumafuna mmisiri wa dzanja lodekha. Fupa la ng'ombe louma bwino limagwira ntchito yomweyo.

Kung'ung'udza kuli ndi chiyambi chake. Pikapu ndi maginito okulungidwa waya wa kopa wopyapyala kwambiri, maulendo pafupifupi 8,000 pa pikapu ya Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa magetsi ochepa amene ampulifaya imawakuza. Vuto n'lakuti waya womwewo umatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, amene ku Malawi ndi ku Zambia amayenda pa 50 Hz. M'holo ya mawaya akale, kapena bandi ikamaimba ndi jenereta, phokosolo limakula. Seth Lover wa ku Gibson analithetsa polumikiza makoyilo awiri otsutsana, ndipo pikapu yake ya humbucker inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957. Pikapu ya koyilo imodzi imang'ung'udza ndithu ngakhale ili pa Fender yodula ya ku America. Kumata pepala la kopa m'mabowo a thupi la gitala ndi kulilumikiza ku waya wa ethi kumachepetsa phokoso lina, ndipo jaki yolimba, switchi yabwino ndi chingwe chosadukaduka m'kati zimathetsa kuthetheka kumene kumachititsa manyazi pasiteji. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa pikapu imodzi ya dzina.

Kodi thabwa lodula silimveka? Mkangano umenewu suzilala. Mu 2022 Jim Lill, woimba wa ku Nashville, anaonetsa pa YouTube kuyesa kwake: anachotsa mbali za gitala imodziimodzi mpaka anangotsala ndi nsambo zokokedwa m'malere, pikapu ili pansi pake, popanda thupi kapena khosi. Atasamala kuti pikapu, malo ake ndi kutalikirana kwake ndi nsambo zikhale chimodzimodzi, mawu anafanana kwambiri ndi a gitala yeniyeni. Opanga magitala ena sanagwirizane naye, ndipo kunena zoona thabwa limasintha kulemera kwa chida ndi mmene chimamvekera m'manja. Koma womvera amene wakhala kumbuyo kwa tchalitchi samva mtundu wa mtengo. Amamva pikapu, ampulifaya ndi sipika.

N'chifukwa chake woimba amene ali ndi ka ampulifaya ka mawati 10 kobwera m'katoni limodzi ndi gitala akuyang'ana kolakwika. Gibson ya madola zikwi ikalumikizidwa ku kasipika koteroko imalira mopanda ulemu. Squier yochunidwa bwino ikalumikizidwa ku ampulifaya ya sipika ya mainchesi 12, monga Boss Katana, kapena ku pedo yabwino yolowa mwachindunji mu mikisa, anthu ambiri sangaisiyanitse ndi yodula.

Pikapu ibwere pomalizira, woimba atadziwa chimene akusowa. Magitala otchipa ambiri amakhala ndi maginito a ceramic, amene amatulutsa mawu amphamvu ndi akuthwa, pamene odula amakonda alnico, ya mawu ofewerapo. Palibe cholakwika ndi ceramic. Super Distortion ija ndi ya ceramic, ndipo oimba rock anaikonda chifukwa chomwecho. Amene amaimba lidi yoyera ya rhumba kapena sungura, yofuna kuti nsambo iliyonse imveke payokha, angapindule ndi pikapu ya alnico ya mphamvu yochepa. Asanagule, ayese kutsitsa kapena kukweza imene ali nayo ndi sikuludiraiva, chifukwa mamilimita awiri okha amasintha mawu modabwitsa.

Pali zina zimene ndalama ya zosinthira singachize. Khosi lopotoka, truss rod yothyoka kapena yofika pamapeto, buliji yoikidwa pamalo olakwika, zimenezi ndi matenda a m'mafupa, ndipo kuthira mapikapu odula pa gitala yotere n'chimodzimodzi kugula chishalo chatsopano cha kabaza ya fulemu yopindika. Pa magitala ambiri okopera Les Paul khosi limakhala lomata ndi guluu, choncho silisinthika mwachisawawa. Maonekedwe a khosi nawonso ndi nkhani: ngati ndi lonenepa kwambiri kapena lopyapyala kwa dzanja la mwini wake, lidzakhala choncho mpaka kalekale. Komanso si chipangizo chilichonse chimene chimalowa paliponse. Magitala a ku Asia amayezedwa m'mamilimita, a ku America m'mainchesi. Mabowo a masikuluwu sakumana, ndipo matupi a Squier ena otsika mtengo ndi opyapyala kuposa a Fender, moti chitsulo cha pansi pa buliji ya Fender chimatulukira kumbuyo. Amene waitanitsa katundu kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, nalipira mtengo wotumizira ndi msonkho wa pachipata, alibe koti akabweze.

Masamu ndi amene amaweruza. Mapikapu atatu a dzina amatha kudya madola 200 kapena kuposa, makiyi ndi buliji n'kuwonjezera ina 150, osawerengera mmisiri. Pamenepo gitala ya madola 250 yadya 600, koma tsiku loigulitsa wogula adzawerenga dzina la kumutu n'kupereka mtengo wa gitala yotchipa yogwiritsidwa kale ntchito. Gitala ya dzina imasunga gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo kwa munthu amene anaona kwacha ya Malawi ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, chida chosunga mtengo si chinthu chochepa. Ochenjera amasunga zipangizo zakale m'kabati, kuti pogulitsa adzazibwezeretse ndi kutsala ndi zabwinozo.

Ena amatsutsa potchula Blackie, gitala ya Eric Clapton. Mu 1970 iye anagula ma Stratocaster akale asanu ndi imodzi m'sitolo ya Sho-Bud ku Nashville, napatsa George Harrison, Pete Townshend ndi Steve Winwood imodzi imodzi, n'kuphatikiza mbali zabwino za atatu otsalawo kukhala gitala imodzi. Mu 2004 inagulitsidwa pa madola 959,500 ku Christie's. Koma mbali zonse zinali za Fender za m'ma 1950, ndipo ogula ankalipira dzina la Clapton. Brian May wa gulu la Queen naye anapanga Red Special ndi bambo ake kuyambira 1963, khosi lake kuchokera ku thabwa lakale la pamalo owothera moto. Chimene zitsanzozi zikuonetsa n'chakuti eni ake ankadziwa bwino lomwe mawu amene ankawafuna. Kwathu kuno chinthuchi si chachilendo: Madalitso Band yazungulira mayiko a ku Ulaya ndi babatoni yopanga pamanja ndi gitala ya nsambo zinayi.

Amene amadya za gitala, woimba mausiku angapo pa sabata kapena wojambula mu situdiyo, ali ndi chifukwa chomveka chogulira yodulirapo, chifukwa akugula kudalirika. Ngakhale iyeyo safunika kulumphira pamwamba penipeni. Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa gitala yotsikitsitsa ndi yapakati, monga Squier Classic Vibe, PRS SE, Yamaha Pacifica za m'mwamba kapena Fender yopangidwa ku Ensenada, Mexico. Kuchoka pamenepo kupita ku ya ku Corona, California, mtengo umawirikiza koma phindu limawonjezeka pang'ono. Yapakati yogwiritsidwa kale ntchito nthawi zambiri imaposa yotchipa yothiridwa ndalama yomweyo.

Msika wa zogwiritsidwa kale ntchito uli ndi msampha wake. Mu Novembala 2024 akuluakulu a zamsonkho ku America analengeza kuti agwira magitala abodza a Gibson oposa 3,000 padoko la Los Angeles ndi Long Beach, omwe akanakhala enieni akanakwana madola oposa 18 miliyoni. Otere amafika m'misika ina yambiri, ndipo amaikidwa pa Facebook ndi nkhani yokoma ya m'bale amene anabwera nayo kuchokera kunja. Pa Gibson yeniyeni, kachivindikiro ka truss rod kumutu kamagwidwa ndi masikuluwu awiri, pamene zabodza zambiri zili ndi atatu. Wogula aone nambala ya kuseri kwa mutu, ayang'ane khosi kuchokera kumutu kutsika ngati lili lowongoka, aimbe fureti iliyonse pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi, ndipo apite ndi chingwe ndi ampulifaya yake, chifukwa wogulitsa amene akuti magetsi azima angakhale akunena zoona kapena ayi.