Kutsutsa Si Kunyoza: Za Okhulupirira ndi Osakhulupirira pa Bwalo Limodzi

M'chinenero chathu muli mawu awiri amene mphunzitsi ayenera kuwasiyanitsa bwino: kutsutsa ndi kunyoza. Wotsutsa amalimbana ndi mawu a mnzake, napereka zifukwa zake. Wonyoza amasiya mawuwo, nagwira munthu mwini wake. Makolo athu anadziwa kusiyana kumeneku. Pa bwalo la mfumu munthu ankaloledwa kunena zonse za kukhosi, ndipo ena ankakhala chete kufikira atatha, pakuti mlandu sudulidwa pomva mbali imodzi. Tsono funso lathu ndi ili: kodi mwambo umenewu ufikanso pa munthu amene anena poyera kuti kulibe Mulungu?

Anthu otere m'dziko muno ndi ochepa, koma alipo. Pa kalembera wa 2018, anthu awiri okha mwa anthu 100 alionse ananena kuti alibe chipembedzo. Wodziwika kwambiri pakati pa osakhulupirira ndiye George Thindwa, amene anatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism. Iye anatsutsana ndi anthu opembedza pa wailesi ndi m'nyuzipepala, makamaka pa nkhani ya ufiti. Ananena kuti ufiti kulibe, nakumbutsa anthu kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula mnzako mfiti. Ambiri anaipidwa naye. Komabe cha m'ma 2011 bungwe lakelo linathandiza kutulutsa m'ndende nkhalamba zimene zinamangidwa pa milandu ya ufiti. Ena mwa Akhristu amene sanagwirizane naye konse pa za Mulungu anavomereza kuti pa za nkhalambazo ananena zoona. Akulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi.

Ife a ku Mulanje tidziwa mtengo wake wa kusowa munthu wotsutsa. M'chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu anaphedwa ndi makamu popanda kufunsidwa kanthu. M'masiku amenewo wofunsa kuti, “Umboni wake uli kuti?” ankayesedwa mnzawo wa opopa magaziwo. Pamene kufunsa kusanduka mlandu, bodza limayenda lopanda woliimitsa.

Koma tisayese kuti ufulu wa kulankhula upindulira osakhulupirira okha. Mbiri ya dziko lathu ionetsa kuti okhulupirira ndiwo anazunzika koposa pamene ufuluwo unasowa. Mu 1967 Boma la Dr Banda linaletsa a Mboni za Yehova, amene anakana kugula makadi a chipani. Ambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika, yodzudzula kuponderezedwa kwa anthu, inawerengedwa m'matchalitchi awo, ndipo Boma linaitcha youkira. Chifukwa chake Malamulo Aakulu a 1994 anaika m'ndime 33 ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, ndi m'ndime 35 ufulu wa kulankhula. Denga limeneli ndi limodzi. Wofuna kusasula udzu pamwamba pa mnzake wosakhulupirira adziwe kuti mvula idzadonthera iye yemwe.

Ufuluwu uli ndi malire ake. Buku la malamulo a milandu limaletsa kulankhula mawu ndi cholinga chenicheni chopweteka mtima wa munthu pa chipembedzo chake. Chovuta nchakuti munthu apwetekedwa mtima msanga, ngakhale ndi funso labwino. Apa ndipo mawu athu awiri aja atithandiza. Kunena kuti, “Sindikhulupirira zimenezo, ndipo chifukwa changa ndi ichi,” ndiko kutsutsa. Kunena kuti, “Opemphera onse ndi zitsiru,” kapena kuti, “Wosapemphera ndi wa Satana,” ndiko kunyoza, ndipo mbali zonse ziwiri zimagwa m'mbuna imeneyi.

Nanga inu amene mukonzekera uphunzitsi mudzachitanji? Sukulu zambiri zimene mudzaphunzitsamo zinamangidwa ndi mipingo, monga zilili pano pa Mulanje Mission, pamene Askoti anabzala tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamodzi. Tsiku lina mwana adzakweza dzanja nafunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga Mulunguyo anamulenga ndani?” Musamuopseze, ndipo musalole anzake kumseka. Muyankhe monga mukhulupirira, koma mumdziwitse kuti funso lakelo lavutitsa anthu anzeru kuyambira kalekale. Mwana wokalipiridwa chifukwa cha funso saleka kukayika, angoleka kulankhula.

Pa phunziro la Chichewa mukhoza kukonza bwalo la mtsutso pa nkhani zopepuka, monga ngati kulira kwa kadzidzi kuitanadi maliro. Muike malamulo atatu: wina akamalankhula ena amvetsere, asanayankhe, aliyense abwereze mawu a mnzake kufikira mwini wake atavomera kuti watero ndithu, ndipo pasakhale kutchulana maina oipa. Lachiwirilo ndilo lovuta, ndipo ndilo lopindulitsa. Mwana wozolowera kubwereza molungama mawu amene sagwirizana nawo, akadzakula adzakhoza kukhala pansi ndi mbusa kapena ndi wosakhulupirira, natsutsana naye kufikira dzuwa litalowa, osatola mwala.