MAPASA OBADWA MASIKU ASANAKWANE: MAU KWA AMAI, ABAMBO NDI APHUNZITSI

Mwezi uno tifuna kukamba za ana obadwa masiku ao asanakwane, makamaka mapasa. Nkhani imeneyi ikhudza midzi yambiri ya m'boma la Ntcheu, kuyambira ku mapiri a Tsangano kufikira ku chigwa cha Bwanje. Anthu akaona tiana tiwiri, kali konse kosalemera ngakhale ngati mapaketi awiri a shuga, ambiri ataya mtima nanena kuti, "Itu sitikhalitsa." Koma anamwino aona ana otere ambiri akukula, nayamba sukulu monga anzao. Chimene ana awa afuna koposa ndi zinthu zitatu: kufunda, mkaka wa m'mawere, ndi anthu othandiza mai wao. Zitatu zonsezi sizigulidwa ku sitolo. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao mau awa pabwalo, pa misonkhano ya amai ndi kunyumba.

MWANA WOSAKWANA MASIKU NDI UTI?

Mimba yokhwima itenga masabata 40, ndiyo miyezi 9. Mwana akabadwa masabata 37 asanathe, a chipatala ati wabadwa masiku asanakwane. Kawirikawiri mwana wotere salemera kufika makilogalamu awiri ndi theka. Khungu lache liri lopyapyala, alibe mafuta m'thupi, ndipo mapapo ache sanakhwime bwino.

Bvuto ili ndi lalikuru m'dziko lathu. M'chaka cha 2012 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linalengeza kuti m'Malawi ana 18 mwa ana 100 ali onse anali kubadwa masiku asanakwane, ndipo pa nthawi imeneyo panalibe dziko lina lotiposa. Pa mapasa chiwerengero chikwera ndithu, pakuti pafupifupi theka la mapasa abadwa msanga. Chifukwa chache nchosabvuta kumva: nyumba imene inamangidwira munthu mmodzi yalandira awiri, ndipo idzala nthawi isanafike.

Zina zochititsa ndizo malungo, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, matenda a m'chikhodzodzo ndi a njira ya amai, kutenga mimba msungwana asanakhwime, ndi kubereka pafupipafupi. Nthawi zina chifukwa sichioneka konse. Si ufiti ai, ndipo si mlandu wa mai kapena wa bambo. Banja lisataye nthawi ndi kulozana zala pamene ana ali kuzizidwa.

Mai woyembekezera ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, amwe mankhwala a magazi ndi oteteza malungo, ndipo agone m'neti usiku uli wonse. Akauzidwa kuti ali ndi mapasa, akadikirire ku chipatala masiku akali kutali. Mapasa asabadwire kunyumba kapena panjira.

MDANI WOYAMBA NDIYE KUZIZIRA

Mwana wosakwana masiku sangathe kudzifunditsa yekha. Ngakhale mumkulunge m'mabulangete atatu, thupi lache lizizirabe, pakuti bulangete lisunga kutentha kumene kulipo kale, koma silipanga kutentha. Inu a ku Tsangano, Lizulu ndi Mlangeni mudziwa m'mene kuzizirira m'miyezi ya June ndi July. Mwana wozizidwa aleka kuyamwa, afoka, ndipo matenda amgwira msanga.

Mankhwala ache ndi chifuwa cha mai. Njira imeneyi itchedwa ya kangaru, kutengera dzina la nyama ya ku Australia imene isunga mwana wache m'thumba la pamimba kufikira atakula. Inayamba m'chaka cha 1978 mu mzinda wa Bogotá, m'dziko la Colombia. Kumeneko dokotala wina, Edgar Rey, anaona kuti makina ofunditsira ana achepa, ndipo anapempha amai kuti azisunga ana ao pachifuwa. Kuno kwathu inayamba pa chipatala chachikuru cha Zomba m'chaka cha 1999, ndipo pambuyo pache inafalikira m'zipatala za m'maboma.

Amalawi anathandizanso kuphunzitsa dziko lonse pa nkhaniyi. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali chimodzi mwa zipatala za m'maiko 5, ndiwo Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, kumene madokotala anayesa kuika ana aang'ono kwambiri pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe apeza mphamvu. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2021. Zinaonetsa kuti pa ana anai ali onse amene akanamwalira, mmodzi anapulumuka chifukwa choyamba msanga. Motero m'chaka cha 2022 Bungwe la Zaumoyo lija linalangiza kuti kangaru aziyamba mwana akangobadwa.

Kachitidwe kache ndi aka:

1. Mwana abvale thewera, chipewa ndi masokosi basi.
2. Muikeni choimirira pakati pa mawere, khungu lache likhudzane ndi khungu la mai, miyendo ndi manja zitapindika ngati chule.
3. Mutu upenye kumbali ndipo khosi lisapindike, kuti apume bwino.
4. Mmangeni ndi chitenje molimba, mfundo iri kumbuyo kwa mai, ndipo mai abvale chofunda pamwamba.
5. Akhale chomwecho usana ndi usiku. Pogona mai atsamire pa mitsamiro kapena pa thumba la zobvala, asagone chafufumimba.

Ife tinazolowera kubereka mwana kumbuyo, ndipo ena aseka akaona mwana ali kutsogolo. Asiyeni aseke. Kumbuyo mai sangaone ngati mwana ali kupuma bwino, ndipo nsaru ziwalekanitsa.

Nanga mapasa? Akakhala aang'ono, onse awiri akwana pachifuwa chimodzi, wina uku wina uku. Koma mai ali ndi thupi limodzi, ndipo afunika kusamba, kudya ndi kugona. Chifuwa cha bambo nachonso nchofunda, chimodzimodzi cha agogo ndi cha azakhali. Bambo wosunga mwana wache pachifuwa sanachite chamanyazi, wachita nchito ya mwamuna. Munthu wodwala chifuwa kapena chimfine yekha ndiye asayandikire. Njira iyi ipitirire kufikira mwana atafika makilogalamu awiri ndi theka, kapena atayamba yekha kukana ndi kupalapata.

Musafulumire kusambitsa mwana wotere m'beseni. Kumpukuta ndi kansaru konyowetsa m'madzi ofunda nkokwanira. Musasonkhe moto kapena kuika mbaula m'chipinda chotseka, pakuti utsi uononga mapapo ache.

KODI MKAKA UNGAKWANE ANA AWIRI?

Ili ndilo funso limene lisautsa amai ambiri a mapasa. Yankho ndi lakuti inde. Bere lipanga mkaka molingana ndi m'mene liyamwidwira. Likayamwidwa ndi ana awiri, lipanga wa awiri. Chimene chichepetsa mkaka ndicho kuyamwitsa patalipatali ndi kupatsa mwana zakudya zina.

Mkaka woyamba uja wachikasu usatayidwe. Ena ati ngwoipa, koma ndiwo uteteza mwana ku matenda, ndipo madontho ochepa okha akwanira mimba yache yaing'ono. Kwa miyezi 6 mwana alandire mkaka wa m'mawere wokha: osampatsa madzi, phala, tiyi kapena mankhwala a zitsamba. Miyezi 6 ikatha ayambe phala, koma apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira.

Mwana wobadwa msanga kwambiri, makamaka masabata 34 asanakwane, sadziwa bwino kuyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi. Pamenepo mai asambe m'manja ndi sopo, afinyire mkaka m'kapu yotsukidwa bwino, nammwetse pang'onopang'ono monga namwino amsonyezera. Osathira mkaka m'kamwa. Kapu ingokhudza mlomo, mwana atapa yekha. Wofoka koposa apatsidwa mkaka womwewo kudzera m'kachubu kopita m'mimba. Kachubu aka sikapha mwana monga ena anenera. Ndiko kamsunga kufikira atadziwa kuyamwa. Mkaka wofinya ubvundikiridwe, ndipo usakhale kupitirira maola anai.

Ana awa agona kwambiri, ndipo sadziwa kulirira njala. Mai asadikire kulira. Awadzutse pa maola awiri kapena atatu ali onse, usiku womwe, kuti ali yense adye kosachepera kasanu ndi katatu pa tsiku. Masiku oyamba nkwapafupi kuyamwitsa mmodzimmodzi. Akazolowera angathe kuyamwa pamodzi, ali yense pansi pa mkono wache wa mai. Asinthane mawere, kuti wamphamvu akokere mkaka mnzache wofoka. Mwana wokhuta akodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, ndipo sikelo yache ikwera. Masiku oyamba atabadwa ana onse atsika pang'ono, ichi chisakuopseni.

Mai amene ali ndi kachilombo ka HIV nayenso ayamwitse. Kuyambira m'chaka cha 2011 Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amai oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka. Chofunika ndicho kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndi kutengera ana ku chipatala pa masiku oikidwa.

WOSUNGA MAI NDANI?

Mai wa mapasa otere akamaliza kudyetsa wachiwiri, nthawi ya woyamba yayandikanso. Sangathe kupita ku chitsime, ku nkhuni, ku chigayo kapena ku dimba la mbatata ndi kabichi. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Achibale, anansi ndi amai a mumpingo agawane nchito zimenezi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Nyakwawa angathe kuthandiza pakuitana banja ndi kulikumbutsa.

Mai adye mokwanira kuchokera m'magulu 6 a zakudya: nsima kapena mbatata, nyemba ndi nsinjiro, ndiwo zamasamba, zipatso, usipa kapena dzira, ndi mafuta pang'ono. Aonjezere chakudya china pakati pa tsiku, ndipo madzi kapena thobwa zikhale pafupi pamene ali kuyamwitsa. Mukaona mai ali kungolira, sadya, sagona, kapena alibe chidwi ndi ana, musamdzudzule kuti ngwaulesi. Awo ndi matenda amene agwira amai ena atachira, ndipo a chipatala athandiza. Banja lifunsenso za kulera, kuti mimba yina isabwere zaka ziwiri zisanathe.

PHINDU LA KUWERENGA

Pano ndipo pali nchito ya inu ophunzira. Mwana ali yense apatsidwa kabuku kache ka ku chipatala. Mapasa afanana, ndipo mabuku ao asokonezeka msanga. Lembani dzina la ali yense moonekera pachikuto, ndipo ngati nkofunika mmodzi abvale chipewa cha mtundu wina. M'kabukumo mulembedwa kulemera kwa mwana, katemera, mankhwala ndi tsiku lobwereranso. Mai wodziwa kuwerenga aona yekha kuti uyu ali kukwera koma uyu waima, ndipo afulumira kukafunsa. Amene sadziwa apemphe mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena mwana wa sukulu kuti amwerengere. Kope wamba lithandizanso: lembanimo ora limene ali yense wadya, pakuti usiku munthu wotopa aiwala, nadyetsa mmodzi kawiri.

Dziwaninso kawerengedwe ka msinkhu wao. Mwana wobadwa miyezi iwiri isanakwane angathe kuchedwa miyezi iwiri kukhala pansi ndi kukwawa. Musamyerekeze ndi wa mnansi. Koma katemera wa masabata 6, 10 ndi 14 awerengedwa kuyambira tsiku lobadwa.

Mai wa kangaru akhala malo amodzi maola ambiri, ndipo nthawi italika. Buku, nyuzipepala, kapena buku la sukulu la mwana wamkuru lichotsa kusungulumwa ndi maganizo. Awerenge mokweza pang'ono. Mwana ayamba kumva mau a mai wache akali m'mimba, ndipo akawamvanso ali pachifuwa akhala phe. Sazindikira tanthauzo, koma khutu liri kuphunzira, ndipo mwana wolankhulidwa kawirikawiri aphunzira bwino kulankhula. Amene sadziwa kuwerenga aimbe, kapena asimbe nthano. Ana akakula pang'ono, alowe sukulu ya kwacha. Aphunzitsi tikupemphani: bwerekani amai otere mabuku, ndipo limbikitsani asungwana kukhala pa sukulu, pakuti msungwana wochedwa kukwatiwa adziteteza yekha ndi ana ache omwe.

ZIZINDIKIRO ZOTHAMANGIRA KU CHIPATALA

Musadikire kuti kuche, ndipo musati mwana akali m'chikuta sangatuluke, mukaona chimodzi mwa izi: akana kuyamwa, thupi lazizira kapena latentha, apuma mofulumira, mobuula, kapena aleka kupuma kwa kanthawi, ali kukomoka kapena kugwedezeka, maso ndi khungu zasanduka zachikasu, wangoti lefu osadzuka, pamchombo pafiira kapena patuluka mafinya. Pamchombo musapake phulusa, ndowe kapena mafuta.

Pa ulendo mwana akhale pachifuwa pomwepo, ndipo mutenge mnzache ndi mabuku onse awiri. Pitani ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, monga ku Kasinje, Bilira, Lizulu kapena Tsangano, ndipo kukafunika adzakutumizani ku chipatala chachikuru cha pa boma ku Ntcheu. Ngakhale ana aoneke bwino, musaphonye tsiku limene namwino analemba kuti mubwerenso.

Inu amene mwawerenga mau awa, funsani m'mudzi mwanu ngati muli mai wa mapasa kapena wa mwana wobadwa msanga. Ngati alimo, pitani sabata lomwe lino mukamtungire madzi, mukamwerengere kabuku kache, ndipo mukauze bambo wa anawo za kangaru. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.