Kodi Mumadziwa? Nkhupakupa Ingayambitse Sitiroko

Kawirikawiri sitiroko imabwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, shuga kapena fodya. Koma ku Ulaya ndi ku North America, nthawi zina gwero lake limakhala nkhupakupa yochepa ngati njere ya chitowe.

Nkhupakupa zamtundu wa Ixodes zimafalitsa matenda a Lyme. Dzinali linachokera ku tauni ya Lyme ku Connecticut, kumene mu 1975 madokotala anayamba kufufuza chifukwa chimene ana ambiri ankatupira mfundo za mafupa. Mu 1982, Willy Burgdorfer ndi anzake analengeza kuti apeza bakiteriya woyambitsa matendawa.

Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala banga lofiira limene limakulirakulira mozungulira pamene munthu analumidwa. Akapanda kulandira mankhwala, bakiteriyayo akhoza kufika ku ubongo n'kutupitsa mitsempha ya magazi. Njira ikachepa, magazi sadutsa bwino, ndipo mkono, mwendo kapena lilime zimafooka. Izi sizichitikachitika, koma zimagwira ngakhale ana ndi achinyamata, ndipo ambiri amayamba amva mutu kwa milungu ingapo.

Madokotala amajambula ubongo ndi makina a MRI ndiponso kuyeza madzi a mumsana. Akatsimikiza, amapereka ceftriaxone kudzera m'mitsempha kwa milungu iwiri kapena kupitirira. Ena amawonjezeredwa aspirin kapena mankhwala ochepetsa kutupa. Ambiri amene athandizidwa msanga amapeza bwino.

Ngati mumakhala ku Ulaya kapena ku North America ndipo mwayenda m'nkhalango kapena m'udzu wautali, dziyang'aneni thupi lonse. Mukaona nkhupakupa, ichotseni tsiku lomwelo, ndipo mukadwala muuzeni dokotala kuti inakulumani.