Mwana akasowa pafamu ya kutali: mmene apolisi amafufuzira ndi udindo wa anthu a m'mudzi

Mafamu ambiri a m'boma lino ali kutali ndi polisi, chipatala ngakhalenso msewu waukulu. Ena ali m'mphepete mwa nkhalango, ena azunguliridwa ndi madambo, ndipo misewu yopitako simapitika bwino nthawi ya dzinja. Mwana akasowa kumalo otere, oyamba kumufunafuna amakhala makolo, antchito anzawo ndi anthu a m'midzi yoyandikana, apolisi asanafike. Zimene anthuwa amachita m'maola oyambirira zimathandiza kafukufuku wa apolisi kapena kumusokoneza.

Kunena msanga

Anthu ena amakhulupirira kuti apolisi salandira dandaulo la munthu wosowa mpaka patadutsa tsiku lathunthu. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, makamaka pa nkhani ya mwana. Makolo akangofunafuna panyumba ndi kwa anansi osamupeza, ayenera kudziwitsa nyakwawa ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo nthawi yomweyo wina athamangire kupolisi yapafupi kapena aimbe foni. Nambala ya apolisi pa zadzidzidzi ndi 997, pomwe 116 ndi nambala yaulere yothandizira ana. Kupereka dandaulo kupolisi salipiritsa.

Malinga ndi malamulo oyendetsera dziko lino, monga anasinthidwira mu 2017, mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Choncho mnyamata wa zaka 15 woweta ng'ombe pafamu akasowa, nkhani yake ndi ya mwana wosowa, ngakhale anthu atamayesa kuti wangothawa ntchito.

Wopita kupolisi atenge chithunzi cha mwanayo ngati chilipo, kabuku kake ka kuchipatala ndi chiphaso chake cha kubadwa. Apolisi amafuna kudziwa dzina ndi msinkhu wa mwana, zovala zimene anavala, zipsera kapena zizindikiro zina za pathupi, matenda amene amadwala monga khunyu, munthu amene anamuona komaliza, malo ake ndi nthawi yake. Mayankho amenewa amalembedwa m'sitetimenti, ndipo ndi amene amasonyeza koyambira.

Ntchito ziwiri nthawi imodzi

Apolisi akalandira nkhaniyo amayendetsa ntchito ziwiri limodzi. Yoyamba ndi kufunafuna mwana pamalo, poganiza kuti wasochera kapena wachita ngozi. Yachiwiri ndi kufufuza ngati pali munthu amene wamutenga kapena kumuchita chipongwe. Sadikira kuti ntchito yoyamba ilephereke ndiye ayambe yachiwiri, chifukwa wakuba mwana amapindula ndi ola lililonse lotayika.

Kufunafuna kumayambira pamalo amene mwana anaonekera komaliza, n'kumafutukuka pang'onopang'ono. Poyamba amayang'ana m'nyumba momwe, m'nkhokwe, m'zigafa, m'makola ndi m'zimbudzi, popeza mwana wamng'ono akhoza kubisala kapena kugona pamalo osayembekezeka. Kenaka amapita kumene kuli madzi: zitsime zosavundikira, madamu othirira nazale, maenje oumbira njerwa, mitsinje ndi madambo. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi nthawi zambiri sapita kutali kwambiri, koma akatopa kapena akachita mantha amakhala chete m'tchire, osayankha ngakhale akumva dzina lake. N'chifukwa chake ofunafuna amayenda mondandalika, motalikirana pang'ono, akuyang'ana pansi pa chitsamba chilichonse, ndipo nthawi ndi nthawi amaima duu kuti amvetsere. Malo amene ayendamo kale amaikapo chizindikiro kuti asabwerezebwereze pamodzimodzi kwina kukutsala.

Apa ndi pamene anthu a m'mudzi amakhala ofunika kwambiri. Abusa a ng'ombe, amayi otola nkhuni ndi alonda a pafamu amadziwa tinjira, maenje ndi madooko amene wapolisi wochokera kuboma sangawadziwe. Komabe khamu losalongosoka limafafaniza mapazi a mwana ndi matayala a njinga. Munthu akapeza nsapato, chovala kapena magazi, asazigwire. Aimirire pomwepo ndi kuitana apolisi.

Chifukwa chake apolisi amafunsa achibale

Mabanja ambiri amakhumudwa akaona kuti apolisi ofufuza milandu ayamba kufunsa makolo, agogo, amalume, mwini famu ndi antchito, aliyense payekha. Kufunsidwa sikutanthauza kuti munthu akuganiziridwa mlandu. Ofufuza amafuna kulumikiza zochitika za tsikulo ola ndi ola, ndipo anthu akafunsidwa pagulu amangotsatira mawu a woyamba kulankhula. Amafunanso kudziwa ngati m'banjamo muli mkangano wolimbirana mwana, popeza pena mwana amapezeka kuti anatengedwa ndi bambo kapena mayi amene banja linatha. Amafunsanso za alendo amene anafika pafamupo, ogula mbewu, aganyu amene achoka mwadzidzidzi, ndi akabaza amene ananyamula munthu ali ndi mwana.

Ngati pali zizindikiro zakuti mwana watengedwa, uthenga umatumizidwa kumapolisi ena, kumalodibuloko ndi kuzipata za m'malire monga Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Songwe. Apolisi a dziko lino amagwiranso ntchito ndi anzawo a ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Vuto lodziwika ndi lakuti m'malire muli njira zambiri zachidule zimene sizidutsa pachipata, choncho mafumu ndi makomiti a chitetezo a m'midzi ya m'malire ayenera kumva uthengawo tsiku lomwelo.

Zimene malamulo amanena

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kuba mwana, kumugulitsa ndi kumugwiritsa ntchito ngati chikole cha ngongole. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limapereka chilango cha zaka 21 kundende kwa wozembetsa mwana, popanda mwayi wolipira chindapusa, ndipo mlandu ukakhala woopsa kwambiri chilango chimafika pa moyo wonse. Kuvomera kwa kholo sikupulumutsa wozembetsa. Munthu amene amayenda m'midzi kulonjeza makolo ndalama kuti atenge ana kukaweta ng'ombe kapena kukasoka fodya kutali ayenera kunenedwa kupolisi ana asananyamuke. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ntchito ya utenanti m'mafamu.

Mwana wosowayo akakhala wachialubino, nkhaniyo ifike kupolisi mosataya mphindi. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino laona ana achialubino akubedwa ndi kuphedwa, ndipo mu 2016 malamulo anakhwimitsidwa pofuna kuthana ndi mchitidwewu.

Woganiziridwa akamangidwa, malamulo oyendetsera dziko amalamula kuti aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48. Bwalo likhoza kumutulutsa pa belo mlandu ukadali mkati. Belo si chizindikiro chakuti mlandu watha kapena kuti wina walandira ziphuphu. Amene akuona kuti dandaulo lake silikusamalidwa akhoza kukaonana ndi mkulu wa polisiyo, kapena kukadandaula ku bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi la Independent Complaints Commission.

Mphekesera ndi kulanga munthu pagulu

Mwana akasowa mitima imakhala m'mwamba, ndipo mphekesera zimayenda mofulumira kuposa apolisi, makamaka pa WhatsApp ndi Facebook. Kufalitsa chithunzi cha mwana pamodzi ndi nambala ya polisi kumathandiza. Kufalitsa dzina la munthu woganiziridwa kumaononga, chifukwa wolakwa amathawa ndi kubisa umboni, pomwe wosalakwa akhoza kuphedwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu angapo m'maboma a kum'mwera, kuphatikizapo Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Munthu amene amadziwa kumene kuli mwana akaphedwa ndi gulu, chinsinsicho chimapita naye kumanda, ndipo omuphawo amayankha mlandu wakupha.

Mabanja ena amataya masiku akuyendera asing'anga kuti awaombezere. Zotsatira zake nthawi zambiri zimakhala kuloza chala agogo okalamba. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mwana akapezeka

Mwana akapezeka wamoyo, apolisi adziwitsidwe nthawi yomweyo, ndipo atengeredwe kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Ngati akuganiziridwa kuti wachitidwa nkhanza, asasambitsidwe kapena kusinthidwa zovala asanapimidwe. Khamu lisamuzinge ndi mafunso. Ntchito yomufunsa ndi ya apolisi a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza pamodzi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya khonsolo, imenenso imaona ngati kunyumba kuli kotetezeka kuti abwerereko.

Pakachitika zachisoni mwana n'kupezeka atamwalira, thupi lisasunthidwe, ndipo maliro asaikidwe apolisi ndi achipatala asanapime chimene chamupha. Kudikira kumeneku n'kowawa kwa banja, koma ndi kumene kumasiyanitsa ngozi ndi mlandu. Ngati papita masabata osapezeka, kufunafuna m'tchire kumachepa koma fayilo sitsekedwa, ndipo wakumbukira kanthu ngakhale patapita miyezi apite akanene.

Kupewa

Zambiri mwa ngozizi zikhoza kupewedwa ndi zinthu zimene makomiti a chitukuko a m'midzi angathe okha. Zitsime zivundikiridwe, maenje a njerwa akwiriridwe, ndipo madamu a pafupi ndi nyumba atchingidwe. Eni mafamu asunge kaundula wa antchito onse ndi ana awo, ndipo mlendo wogona pafamu adziwike kwa nyakwawa. Nthawi yokolola ndi yosoka fodya, pamene akuluakulu amachoka mbandakucha, ana aang'ono asiyidwe ndi munthu wamkulu kapena kusukulu ya mkombaphala, osati ndi mwana mnzawo. Mwana aliyense alembetsedwe m'kaundula wa kubadwa, ndipo banja lisunge chithunzi chake chatsopano.

Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko akupemphedwa kuika nkhaniyi pa misonkhano yawo ikubwerayi, ndi kuonetsetsa kuti nambala ya foni ya polisi yapafupi yalembedwa poonekera kwa nyakwawa, kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti ndi pachipata cha famu iliyonse.