Mlonda wa Nyama Asanagwire Mfuti

Mwa inu amene muli kumvetsera ku Lundazi, ku Lumezi, kwa Chitungulu ndi kwa Kazembe, ambiri munawaonapo alonda a nyama, aja timawatcha agemu kapena masikauti, ali kupita m'njira ndi mfuti paphewa. Mwana akawaona, maso ake amathamangira pa mfutiyo, ndipo mnyamata wina amanena mumtima kuti, "Ndikakula nanenso ndidzanyamula yanga." Nkhani yathu ya lero ili pa zimene munthu ayenera kuyamba wadziwa asanaigwire mfutiyo, pakuti pa ntchito ya mlonda mfuti ndi gawo laling'ono chabe.

Tiyambe ndi kumene alondawa amagwira ntchito. Kumwera chakumadzulo kwa boma la Lundazi kuli nkhalango ya Lukusuzi, imene inakhala paki mu 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,700. Kutsika m'chigwa cha Luangwa kuli paki ina yaing'ono, ya Luambe. Kuyambira mu 2018, pamene Lundazi inagawidwa patatu, madera amenewa ali m'boma la Lumezi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anapulula njovu zambirimbiri m'chigwamo, ndipo chipembere anachimaliziratu. Boma linaona kuti alonda ochokera kutali sangathe okha. Tsono chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 linayamba dongosolo lotchedwa ADMADE, lakuti anyamata a m'midzi momwemo aziphunzitsidwa ulonda, ndipo ambiri anakaphunzira ku Nyamaluma, chigawo cha Lupande. Alonda a boma ali ndi sukulu yawo ku Chunga, m'paki ya Kafue.

Wofuna kulowa maphunziro otere ayambe ndi mapazi ake. Mlonda amayenda pansi masiku angapo osaona mudzi, atasenza ufa, ndiwo zouma, poto, madzi ndi chofunda, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kwa m'chigwa kumapitirira madigiri 40. Mnyamata wozolowera kulima, kutema nkhuni ndi kuyenda mtunda wautali popita ku sukulu, ameneyo wayamba kale kukonzeka ngakhale sadziwa. Nsapato zatsopano sayenda nazo ulendo wautali. Amayamba wazivala masabata angapo kuti zifewe, chifukwa chithuza chimodzi cha ku chidendene chikhoza kuimitsa gulu lonse pakati pa thengo.

Chachiwiri ndi madzi. Munthu angathe kukhala masabata osadya, koma popanda madzi sapitirira masiku owerengeka, makamaka m'dzuwa lotere. M'chilimwe mitsinje yambiri yotsikira ku Luangwa imaoneka ngati mchenga wokhawokha, komatu madzi amakhala pansi. Pokhota mtsinje, pamene mchenga uli wonyowa, kapena pamene njovu zinakumbapo ndi miyendo ndi chitamba, munthu akafukula pang'ono ndi kudikira, madzi amadzaza kadzenjeko. Madziwo aziwiritsidwa asanamwedwe. Pa thamanda lalikulu satunga mwachisawawa, pakuti m'menemo ndi mwa ng'ona ndi mvuu. Za chakudya sitinenapo zambiri, popeza malambe, bwemba, matowo ndi masuku mumazidziwa kuposa ife. Lamulo lake ndi limodzi: chipatso kapena bowa umene akulu sanakuonetsepo, usaulawe.

Tsono tifike pa phunziro limene ife tiyesa lalikulu koposa, ndilo mphepo. Njovu siona bwino, koma mphuno yake ndi yakuthwa kwambiri, ndipo imamva fungo la munthu ali patali. N'chifukwa chake alenje akale ankayenda ndi kathumba ka phulusa. Akagwedeza kathumbako, phulusa limaonetsa kumene mphepo ili kupita. Likauluka kulunjika kumene kuli njovu, ndiye kuti fungo lako lafika kale kumeneko. Uyenera kubwerera mwakachetechete ndi kuzungulira patali, kuti mphepo izichokera kwa njovu kubwera kwa iwe. Pansi napo pamalankhula. Ndowe yofunda, nthambi yothyoka imene ikadali yaiwisi, phazi limene m'mphepete mwake simunagumuke, zonsezi zikunena kuti mwini wake ali pafupi. Pakati pa mapazi akuluakulu pakaoneka timapazi ta mwana, chenjerani koposa, pakuti njovu yaikazi ya mwana sichedwa kupsa mtima.

Njovu ikatambasula makutu, kupukusa mutu ndi kulira mokweza, kawirikawiri imakhala ili kuchenjeza. Ikapinda chitamba, kuweramitsa mutu ndi kubwera osalira, pamenepo yatsimikiza. Koma mwana wa sukulu asaime n'kumawerenga zizindikirozi. Zake n'kuiona njovu ili patali ndi kusintha njira. Izi si nkhani za m'buku ayi. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu m'Malawi, imene ili pa malire ndi dziko lathu, ndipo njovu sizidziwa malire. Kuchokera nthawi imeneyo midzi ina ya mbali ino yaona minda ikuwonongeka, nkhokwe zikupasulidwa, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Ana a m'madera otero asamalawirire kukadali mdima, ndipo aziyenda m'magulu.

Nanga munthu akasokera? Ambiri amene amavutika m'thengo ndi aja amathamanga uku ndi uku chifukwa cha mantha mpaka mphamvu kutha. Mlonda amaphunzitsidwa kuima, kukhala pamthunzi ndi kukumbukira kumene dzuwa linali pamene ankanyamuka. Kwathu kuno kuli chothandiza china: mitsinje ya Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi yonse imatsikira kumadzulo, ku Luangwa. Machesi asungidwe m'kapepala kapulasitiki, pakuti moto ndiwo bwenzi usiku, ndipo utsi wake masana umaitana okufunafuna. Njoka ikaluma munthu, musateme pabalapo, musayamwe, musamange mwendo molimba ndi chingwe. Mgonekeni, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumnyamule kupita ku chipatala msanga.

Mfuti ija tsopano. M'maiko ena anthu amalipira ndalama kuti aphunzire kudziteteza ndi kamfuti ka m'manja, kotchedwa pisitolo. M'thengo lathu kamfuti kotero sikangaimitse njovu kapena njati, ndipo alonda amanyamula mfuti zazitali. Komabe malamulo oyamba ndi amodzimodzi kulikonse. Mfuti iliyonse amaiyesa kuti ili ndi chipolopolo, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe. Kukamwa kwake sakulozetsa kwa munthu, ngakhale mwanthabwala. Chala sichikhala pa kachitsulo kowombera kufikira nthawi yeniyeni yowombera. Ndipo asanawombe, mlonda ayenera kudziwa chimene ali kulasa ndi chimene chili kuseri kwake, pakuti chipolopolo chikaphonya chimapitirira ulendo wautali, mwina mpaka kumunda kumene kuli mayi wina ali kupalira. Pambuyo pake amaphunzira kuipukuta, kuisunga ndi kuwerengera zipolopolo zake. Wopsa mtima msanga ndi wokonda mowa, ngakhale akhale katswiri wolasa, sayenera ntchito imeneyi.

Lamulo la Zambia sililola munthu kukhala ndi mfuti popanda laisensi, ngakhale ikhale gogodela yosiyidwa ndi agogo. Alenje ambiri a m'chigwa anapereka mfuti ndi misampha yawo kudzera m'bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, n'kutembenukira ku ulimi wa nshawa, mpunga ndi kuweta njuchi. Inu ana, mukapeza mfuti kapena chipolopolo patchire, musachitole, musachigogode ndi mwala, musachiponye pamoto. Zindikirani malowo, mukauze aphunzitsi kapena amfumu, ndipo iwo adzadziwitsa apolisi.

Aphunzitsi, nkhaniyi ikatha tulutsani ana pabwalo. Mwana aliyense amange phulusa m'kansanza. Sankhani mtengo umodzi ukhale njovu, ndipo ana agwedeze timatumba tawo, aliyense akaime pamene fungo lake silingafike pa mtengowo. Mukachitenso madzulo, muone ngati mphepo idzakhala ikadali komwe inali m'mawa.