Bungwe la Abaptist la Sandy Creek: Kukula ndi Kugawikana Kwake

Mwa chikhalidwe cha Abaptist, mpingo uliwonse umadzilamulira wokha. Umasankha mbusa wake, umaweruza milandu yake, ndipo pamwamba pake palibe bishopu kapena sinodi. Tsono mipingo yotere ikapangana zokhala m'bungwe limodzi la m'chigawo, pamabuka funso lovuta: kodi bungwelo ndi mlangizi chabe, kapena wolamula? Funso limeneli ndilo linang'amba bungwe la Sandy Creek, m'dera la North Carolina ku America.

Mwini nkhani ndi Shubal Stearns, munthu wa ku Connecticut amene anatembenuka mtima m'chitsitsimutso cha mlaliki George Whitefield, nabatizidwa m'chaka cha 1751. Mu 1755 iye anafika pa mtsinje wa Sandy Creek pamodzi ndi mlamu wake Daniel Marshall ndi mabanja ena, nakhazikitsa mpingo wa anthu 16 okha. Kulalikira kwao kunali kwa moto, kwa misozi ndi mfuu, ndipo Martha Marshall, mlongo wake wa Stearns, ankapemphera ndi kudandaulira anthu poyera, chinthu chimene chinkadabwitsa Abaptist a kwina. Posakhalitsa akhristu anakwana 606, ndipo nthambi zinaphuka m'midzi yakutali.

Pofuna kuti nthambizo zisamwazikane, Stearns anayambitsa bungwe mu 1758. Nthumwi zinkasonkhana chaka ndi chaka, mipingo yosowa mbusa nkumatumiziridwa alaliki. Wolemba mbiri Morgan Edwards anawerenga kuti m'zaka 17 mpingo umodzi uja unabala mipingo 42 ndi alaliki 125.

Koma kukulako kunadza ndi mavuto ake. Bungwe lakale la Philadelphia, limene linayamba mu 1707, linali litavomereza mu 1749 kuti bungwe si bwalo lalikulu loposa mpingo. Ku Sandy Creek zinthu zinayenda mwina. Bungwe linayamba kudzoza abusa ndiponso kuchotsa abusa ndi mipingo mu chiyanjano, ngati kuti mphamvu za mpingo zasamukira m'manja mwake. Kuonjezera apo, mfundo iliyonse inkayenera kuvomerezedwa ndi nthumwi zonse, kotero kuti mmodzi akakana, msonkhano unkaima.

Mu 1770, pa msonkhano wa ku Grassy Creek, nthumwi zinalephera ngakhale kusankha wapampando. Chimene zinamvana nchimodzi chokha: kugawa bungwe patatu. Mipingo ya ku North Carolina inasunga dzina la Sandy Creek, ya ku South Carolina inapanga bungwe la Congaree, ya ku Virginia nayonso inaima payokha.

Tsoka silinathere pomwepo. Alimi a m'deralo anali ataukira misonkho ndi katangale wa akuluakulu a boma la atsamunda, ndipo mu Meyi 1771 bwanamkubwa William Tryon anawagonjetsa pa nkhondo ya Alamance. Mabanja ambiri anasamuka, Stearns anamwalira mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mpingo wa anthu 606 unatsala ndi 14.

Komabe osamukawo anapita nacho chikhulupiriro chao ku madera atsopano, monga Tennessee, kumene anabzala mipingo ina. Bungwe la Sandy Creek lilipo mpaka lero, ndipo ambiri amaliwerengera pakati pa mizu ya Southern Baptist Convention, imene inakhazikitsidwa mu 1845.